Mano a Eliaika

Eliaika ndi mng'ono wanga, bere limodzi, bambo mmodzi, koma mutatiimika pamodzi n'kutiuza kuti tiseke, mungalumbire kuti mmodzi anachita kutoledwa. Iye mano ake ndi oyera mbee. Anga ndi ofiirira ngati dzimbiri, monga alili mano a aliyense wokulira ku Ngarenanyuki kuno. Mbiri ya moyo wake ndimaidziwa kuposa mwiniwake, chifukwa zaka zonsezi ine ndakhala ndikumuyang'anitsitsa pamene iye ankangodzikhalira.

Anachoka pakhomo asanadziwe n'kuyankhula komwe. Amayi anadwala atangomusiyitsa bere, ndipo azakhali athu a ku Tanga, kutali kugombe la nyanja, anabwera kudzamutenga kuti akamusunge mpaka odwalawo apezeko bwino. Amayi anachira mvula isanagwe, koma azakhaliwo ankangoti mwana wazolowera, abwera chaka chamawa. Chaka chamawacho chinakwana iye ali namwali, azakhali atamwalira. Ine ndi amene ndinatumidwa kukamuchingamira kumsewu. Anatsika basi ndi kachikwama kake n'kundimwetulira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti m'kamwa mwanga muli chinthu chochititsa manyazi. Kale lonse sindinkadziwa. Ndikanadziwa bwanji poti abusa athu, akulu a mpingo, ndi mkwatibwi aliyense amene ndinamuvinirapo anali ndi mano ngati anga?

Masiku oyambawo anthu ankamuseka. Amayi ena kutchalitchi ankati mano a mwanayu sanakhwime, amupatse nyama yolimba aone ngati sathyoka. Anyamata anamutcha kuti mzungu wa ku Tanga. Koma kuseka kwa anyamata ndimakudziwa ine. Omwewo ndi amene ankamudikirira pampopi ndi nthabwala zawo zozizira, kungofuna kuti atsegule pakamwa. Ndipo iye, wosadziwa kuumira, ankasekera aliyense.

Kwaya ndinayamba ndine. Mawu anga, ndisanamizire kudzichepetsa, ankamveka mpaka kumanda kuseri kwa tchalitchi. Eliaika akamaimba munkachita kutchera khutu kuti mudziwe ngati wayamba. Koma titapita kumpikisano ku Usa River, wotsogolera kwaya anamuimika kutsogolo, pakatikati penipeni, ine n'kundiuza kuti ndipite mzere wakumbuyo chifukwa ndine wamtali. Wamtali ndi Eliaika, ndipo aliyense ankaona. Chithunzi cha tsiku limenelo chikadali kwa Amayi pakhoma. Ine pamenepo limaoneka khutu lokha.

Palibe chimene sindinayese. Makala ndinatsukira, phulusa ndinatsukira, mandimu osakaniza ndi mchere ndinatsukira mpaka nkhama kutuluka magazi. Kumsika wa ku Tengeru kunali bambo wina wa kabotolo ka mankhwala oyeretsa mano, ndipo tsiku lina ndinaima nawo pamzere. Ndinathawa nditaona mtsikana amene anali patsogolo panga akulavula, milomo itasupuka. Eliaika yekha ankangotsuka ndi kamtengo wamba, kuyasamula, basi wathana nazo. Ankandiuza kuti mano anga alibe vuto, ine n'kumamva ngati akunditukwana.

Wokwatira iye anabwera m'munda mwanga momwe. Anali dalaivala wa lole wa ku Tanga, dzina lake Shemdoe, amene ankadzagula matimati. Ine ndi amene ndinawadzala, ine ndi amene ndinawathirira, ine ndi amene ndinkakangana naye mtengo. Eliaika anangobweretsa tiyi. Munthuyo anaiwala za mtengo, ndipo chaka chisanathe tinali kuvina. Sikuti ndinkamufuna Shemdoeyo ayi, anali ndi kamimba komanso ankalankhula mofuula. Chinkandiwawa n'choti sanafunse n'dzina langa lomwe. Choncho mng'ono wanga anabwerera ku Tanga, n'kutsegula kashopu kosoka mayunifolomu a ana a sukulu, ndipo tinkangomva kuti makina awonjezera ena, wantchito alemba wina.

Ine ndinakwatiwa konkuno ndi Afraeli, mwamuna wofatsa wolima anyezi, amene mano ake amaposa anga kufiira. Ana anabwera motsatizana, anyamata atatu, kenako mtsikana, Sayuni. Kwa Eliaika kunali zii. Pamenepa pokha ndinamuposa, ndipo akabwera pa Khirisimasi ndinkaonetsetsa kuti ana onse anayi amupatse moni mmodzimmodzi. Koma ngakhale kusabereka ankakunyamula mwaulemu moti anthu m'malo momunena ankamumvera chisoni. Ankafika ndi malaya osokera mwana aliyense, muyezo wake ndendende, osafunsa munthu. Akanakhala woipa mtima bwenzi zinthu zikundiphwekera.

Ndiye Amayi anadwala dzino. Linali la kumapeto kwenikweni, ndipo tsaya linatupa mpaka diso kutsinzina. Aliyense wodzazonda ankabwera ndi mankhwala ake. Wina anati aikemo fodya wosinja, wina anati m'dzinomo muli kachilombo kofunika kukafukiza ndi utsi, ndipo mnyamata wina wokonza njinga zamoto anafika ndi madzi a batire m'kabotolo, ine n'kumuthamangitsa ndi tsache. Afraeli anati tingowatengera kwa mkulu wina wozula mano ndi pulayala pansi pa mtengo pa tsiku la msika. Amayi atamva za pulayala anati bola afe ndi dzino lawo. Masiku onsewo wowaphikira phala ndinali ine, wowawiritsira madzi a mchere ndinali ine, wowamvera kubuula ndinali ine.

Eliaika anafika madzulo ena, ndipo kutacha, dzuwa lisanafike pamutu, anali atapeza dokotala. Anafunsa namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, anafunsa mayi abusa, anafunsanso mayi wogulitsa mankhwala pamsika, ndipo onse anatchula dzina limodzi. Ine ndakhala kuno moyo wanga wonse, ndadutsa pa Usa River kosawerengeka, osadziwa kuti pamwamba pa sitolo ya simenti pali munthu wosamala mano. Mpaka lero Amayi amauza aliyense kuti Eliaika anawapulumutsa. Za phala lija sazitchula.

Dokotalayo anali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake Shayo. Ndinalowa nditakonzeka kudana naye poti anapezedwa ndi Eliaika, koma atavula kansalu kakukamwa kuti atipatse moni, ndinaona kuti nayenso mano ake ali ndi mizere yofiirira. Mtima wanga unakhala pansi. Anawapatsa Amayi mankhwala kuti chotupa chiphwe kaye, ndipo titabwererako anawabaya jakisoni m'nkhama n'kulizula. Amayi anafunsa kuti ayamba nthawi yanji, dzino lili kale m'mbale. Kenako dokotala anati popeza takwera kale masitepe akewo, aliyense akhale pampando amuone, chifukwa iye sakonda kudziwana ndi banja pa tsiku lotupa tsaya lokha.

Ndinakhala pampando ndili ndi manyazi a zaka zambiri. Anaunika, anagogoda, anakanda ndi kachitsulo, kenako anati m'kamwa mwanga mulibe dzino lobooka ngakhale limodzi. Anati kufiira si kuwola, ndiponso si uve. Atakhalapo Eliaika, dokotala anaunika n'kumufunsa ngati amakonda zotsekemera. Mano anayi akumbuyo anali obooka, ntchito ya maswiti a kokonati ndi tiyi wa shuga wambiri wa ku Tanga. Ndinasangalala, ndipo sindinabise. Ndinaseka mpaka Amayi, thonje lili m'kamwa, anandiponda phazi.

Chisangalalocho sichinafike madzulo. Mano a Eliaika anamatidwa tsiku lomwelo, ndipo anadzuka pampando ali woyera monga kale. Nditafunsa za anga, dokotala anati utotowo uli m'kati mwa dzino, sutsukika ndi mswachi kapena makala, ndipo ondinamiza ndi timabotolo adzangondiwotcha. Anati njira ilipo yowavindikira ndi zoyera pamwamba, koma atatchula mtengo wake sindinafunsenso kachiwiri.

Sayuni anali kumsana, ali ndi zaka ziwiri. Dokotala anamusewera mpaka mwana anayasamula yekha, ndipo timano take tinali toyera bwino. Ndinanena monyada kuti uyu yekha watengera mayi ake aang'ono.

"Awa ndi aukhanda, mayi, adzagweruka," anatero dokotala. "Enieniwo akuumbika panopa m'kati mwa nkhama, ndipo akuumbika ndi madzi amene mukumumwetsa. Madzi athu otsika m'phirimu ali ndi mchere wina wochuluka, ndiwo umalowa m'dzino likadali laliwisi. Magadi, chidulo chija mumafewetsera nyemba, ndiye ali nawo wambiri kuposa madziwo."

Ndinafunsa kuti ndiye kuti Eliaika sanabadwe nawo mano akewo. Dokotala anati ayi, anangomwa madzi ena pa nthawi yoyenera. Anati mwana akafika zaka zisanu ndi zitatu mano ooneka amakhala atatha kuumbika, ndipo madzi sangawasinthenso. Malangizo ake anali oti ndizimumwetsa madzi a mvula ndi kusiya magadi. Zotumiza mwana ku Tanga sanatchule, mlandu umenewo usamugwere.

Ndinatuluka m'menemo mutu ukuzungulira. Zaka zonsezi ndinkati Mulungu anakondera, pamene anakondera ndi azakhali, amene anafika pakhomo n'kunyamula wamng'ono kusiya wamkulu. Ndinalumbira pa masitepe omwewo kuti mwana wanga wamkazi sadzaimikidwa mzere wakumbuyo.

Afraeli anandiikira mgolo pansi pa malata, ndipo madzi ake anakhala a Sayuni yekha. Anyamata akayandikira ndinkawakalipira, poti awo anali atafiira kale ndipo sankasamala. Koma kwathu kuno mwana samwa pakhomo pa make pokha. Akalowa m'nyumba iliyonse amapatsidwa kapu, ndipo kuuza mnzako kuti asamwetse mwana wako madzi ake ndi kumutcha mfiti. Ndinayesa kwa anansi awiri, ndipo mmodzi mpaka lero amandipatsa moni wa pakhosi. Amayi ndiye sanafune n'kumva komwe. Ankamukhazika mdzukulu pamwendo n'kumamudyetsa makande awo, chimanga ndi nyemba zofewa ndi magadi, ine ndikuona.

"Iwe Ndeshi, unakula ndi makande omwewa, unafa?" ankatero. "Dokotala wakoyo azule mano, za m'mphika mwanga azisiye."

Chilimwe chitafika mgolo unauma. Tsiku lina ndinapeza Sayuni atakamira pampopi wa kutchalitchi pamodzi ndi anzake, madzi akuyenderera m'chibwano, akusangalala. Ndinamukoka ndi mkono mpaka analira, ndipo amayi amene anali pamzere anandiyang'ana ngati wamisala.

Eliaika atabwera pa Khirisimasi ndinamutengera kuseri kwa khola n'kumuuza kuti amutenge mwanayo. Iye anati Tanga ndi kutali. Ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti akufuna mano oyera akhale ake yekha pamtundu pathu, ndipo ndinamuuza zomwezo m'maso muli gwa.

"Achemwali, mwaganiza bwino?" anandifunsa. "Bambo ake avomera?"

"Avomera. Ndipo umve bwino, ndakubwereka, sindinakupatse. Akakwana zaka zisanu ndi zitatu undibwezere."

"Ndidzabweza," anatero, maso ali pansi.

Afraeli anali asanavomere, koma mwamuna wofatsa amatopa msanga ndi mkazi wolankhula chinthu chimodzi m'mawa ndi madzulo. Anangoti mwana si mbuzi yokaweta kwa eni, kenako anakanyamula yekha kachikwama mpaka kumsewu. Sayuni anakwera basi akuseka, poganiza kuti ndi ulendo wokagula maswiti.

Eliaika analera mwana wanga bwino, ndipo ndikunena izi ndikukukuta mano. Maswiti anamuletsa, poti iye anali ataphunzira pampando paja. Ankamutsukitsa mano m'mawa ndi pogona. Anamusokera madiresi amene ine sindikanawalota. Sanamubisire kuti anabadwa kwa ndani, chithunzi changa anachipachika m'chipinda chake, ndipo Lamulungu lililonse ankandiimbira foni kuti ndilankhule naye. Miyezi yoyamba mwana ankalira pafoni kuti ndikamutenge, ine n'kumalimba mtima. Kenako anasiya kulira. Kenako ndinayamba kumva mawu a Eliaika chapansipansi akumuuza zoti anene. Ndinkapitako ndikakolola matimati, n'kupeza mwana waulemu, wondigwadira, wondibweretsera madzi osamba m'manja monga achitira ndi mlendo. Shemdoe ndi kamimba kake ankamunyamula paphewa, akumutcha mwana wake wachisamba, ndipo ine nsanje inkandidya.

Sayuni atakwana zaka zisanu ndi zitatu, Eliaika sanadikire kuti ndimukumbutse. Anaimba yekha kuti akubwera naye, ndipo tikumane kwa Dokotala Shayo, chifukwa mwana ali ndi dzino laukhanda lokana kugweruka pamene linzake latulukira kale kumbuyo. Ine ndinali nditagula matiresi atsopano, malo kusukulu nditapeza, chipinda nditachotsamo matumba a anyezi n'kuchizira bwino.

Ndinawapeza atakhala pabenchi. Sayuni anaimirira n'kundipatsa moni, ndipo pomwetulira ndinawaona. Aakulu, oyera, opanda kadontho. Ndinafuna kuti anthu onse a kwaya ija akhalepo.

Dokotala anatikumbukira. Anayamba wafunsa za Amayi, kenako anamukweza mwana pampando. Anati dzinolo si nkhani, zimachitika kwa ana ambiri, alichotsa ndipo linalo lidzasunthira lokha pamalo pake. Sayuni ataona jakisoni anayamba kunjenjemera. Dokotala, osatembenuka, anati mayi ake abwere amugwire dzanja. Tinaimirira tonse awiri. Eliaika atazindikira anabwerera msanga pabenchi, ine n'kufika pampando n'kugwira kadzanja kaja. Mwana anakasolola pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, n'kusuzumira kumbuyo kwanga.

"Amayi, bwerani," anatero.

Eliaika anandiyang'ana kupempha chilolezo. Ndinamupatsa malo. Ndinaima pakhoma manja ali lende, kuonerera mng'ono wanga akusisita mutu wa mwana wanga mpaka dzino linatuluka. Pambuyo pake dokotala anati mano onse akutsogolo ali bwino kwambiri, tsopano akhoza kumwa madzi a kwathu popanda nkhawa. Ananditembenukira n'kunena kuti ndachita kupambana.

Panja, pafupi ndi matumba a simenti, Eliaika anagwada n'kumuuza mwana kuti monga anakambirana kunyumba, atsala ndi mayi ake. Sayuni, thonje lili m'kamwa, anafunsa kuti atsala ndi amayi aakuluwa mpaka liti. Eliaika anamukonza kuti si amayi aakulu, ndi amayi ake enieni omubereka. Kenako anandipatsira chikwama, anandiuza kuti mwanayu sadya nyemba zopanda kokonati koma azolowera, n'kuwoloka msewu kupita kokwerera basi. Sanacheuke. Ndinaona mapewa ake okha akugwedezeka, ndipo ngakhale pamenepo ndinamuchitira kaduka, chifukwa mwana ankayang'ana iye.

Anasunga pangano, ndipo palibe amene angamunene. Anthu kuno amati Eliaika ndi munthu wa Mulungu, analera mwana wa mkulu wake n'kumubweza osatsalira ngakhale nsapato. Ali ku Tanga, akusokabe mayunifolomu, ndipo ndamva kuti anaonda.

Sayuni ali pano. Sanavute, sanathawe, sanakane chakudya. Amasesa, amapita kusukulu, amanditcha Amayi chifukwa anauzidwa kutero. Kusukulu anzake amamutcha mzungu, ndipo waphunzira kuyankhula milomo ili pafupi kutsekeka. Azichimwene ake amayesa nthabwala, bambo ake anamugulira kamwana ka mbuzi, ine ndinafika pomuimbira nyimbo zoseketsa ndikuvina ndi chipande m'manja. Amangoyang'ana mwaulemu n'kunena kuti zikomo. Mvula yagwa n'kutha, ndipo mano amene ndinapereka zaka zisanu za mwana wanga kuti akhale oyera, sanandionetsepo ngakhale kamodzi.

Lamulungu madzulo foni imalira, amakhala Eliaika. Sayuni amaitenga n'kuthamangira nayo kuchipinda kwake, ndipo posakhalitsa ndimamva akuseka chikhakhali, kufotokoza za mbuzi, za aphunzitsi, za makande a agogo. Chitseko cha chipindacho sichitsekeka bwino, chimasiya kampata. Ndimasiya zimene ndikuchita, n'kuvula nsapato kuti asandimve, n'kukaima pamenepo kuti ndiwaoneko mano aja.